Mlatho wa CDF unaima pa maziko: kodi munthu wamba akalemba pa intaneti zimathandiza?

Mnyamata wina wa m'chigawo chapakati wafunsa motere: "Kwathu kuno mlatho wa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, unaima pa maziko, tsopano papita zaka ziwiri. Mvula ikagwa ana sawoloka kupita kusukulu. Ndili ndi foni, ndipo ndikufuna kuyamba kulemba nkhani zoterezi ndi zina zandale pa Facebook. Utolankhani sindinaphunzire. Kodi zolemba za munthu wamba ngati ine zimasintha kanthu? Nanga sindingamangidwe?"

Achimwene, zimasintha ndithu, koma pokhapokha mudziwe pamene pagona mphamvu yanu. Nyuzipepala zikuluzikulu zili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo mtolankhani mmodzi amayang'anira maboma angapo, galimoto alibe, mafuta alibe. Mtsinje wanuwo sangaudziwe. Inu mumaudutsa tsiku ndi tsiku, mukudziwa tsiku limene simenti inabwera ndi tsiku limene amisiri anapakira zida zawo n'kumapita. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuyandikira kumeneku ndiye chuma chanu chonse. Ukali wa mawu ndi kutukwana aliyense angathe, ndipo m'mafonimu zadzaza kale.

Dziwaninso kuti Amalawi ambiri nkhani amazimvera pa wailesi. Anthu a m'dera lanu amene ali ndi foni yolowa pa intaneti komanso ndalama ya bandulo ndi ochepa poyerekeza ndi amene ali ndi kawailesi. Choncho zimene mwalemba sizigwedeza khonsolo chifukwa anthu mazana angapo azikonda. Zimagwedeza zikatuluka m'foni: wailesi ya m'dera ikazitenga, mtolankhani wa Zodiak, Times kapena Nation akaimbira DC kuti ayankhepo, khansala akaziwerenga pa msonkhano wa khonsolo. Lembani moganizira mtolankhani ameneyo. Iye ayenera kutha kupita ndi nkhani yanu kwa mkonzi wake popanda mantha oti kampani iimbidwa mlandu.

Mbiri ya dziko lino ikusonyeza zomwezi. Pa zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu 20 anafa, bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA linaletsa mawailesi kuulutsa zinthu zikuchitika, ndipo ambiri anadziwa za ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzera m'zithunzi ndi mauthenga a anthu wamba pa Facebook ndi Twitter. Mu April 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5, boma linadzalengeza pa 7, koma nkhani inali itazungulira kale pa intaneti. Mu 2019 zithunzi za mapepala a zotsatira za chisankho opakidwa Tipp-Ex zinadzaza m'mafoni, ndipo pa 3 February 2020 khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti. Onani bwino apa: chimene chinaima kukhoti anali mapepala enieniwo ndi mboni zolumbira. Mafoni omwewo ananyamulanso mabodza ochuluka masiku amenewo, ndipo mabodzawo sanathandize mbali iliyonse.

Pa za kusaphunzira utolankhani musadandaule. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wolankhula kwa munthu aliyense, gawo 36 likunena za ufulu wa atolankhani, ndipo gawo 37 likunena za ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Simufunika chiphaso cha utolankhani kuti mulembe. Si kulikonse kumene kuli chonchi: ku Tanzania mu 2018 anakhazikitsa lamulo loti wofalitsa nkhani pa intaneti azilembetsa ndi kulipira ndalama pafupifupi madola 900. Chimene mtolankhani ali nacho, inu mulibe, ndi mkonzi womuletsa akafuna kuthamanga ndi loya wa kampani zikavuta. Ntchito ya mkonziyo muyenera kudzigwirira nokha.

Tiyeni ku mlatho. Musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, pitani pamalopo ndi foni ndi kope. Ngati pali chikwangwani cha ntchito, chijambuleni moti mawu onse aziwerengeka: dzina la ntchito, dzina la kontilakitala, ndalama, tsiku loyamba ndi lomaliza. Ngati chikwangwani palibe, lembani zimenezo, chifukwa nazonso ndi nkhani. Jambulani maziko kuchokera mbali zitatu, kenako sankhani malo amodzi, kaya pa mtengo wamango kaya pa mwala waukulu, oti muzijambulirapo mwezi uliwonse. Zithunzi zinayi za malo amodzi, za January, February, March ndi April, zosasintha kanthu kupatula udzu umene ukukula, zimalankhula kuposa ndime khumi. Yezani utali ndi mapazi ngati mulibe tepi. Werengani zipilala zimene zaima. Ngati pali matumba a simenti amene anauma n'kukhala miyala, awerengeni, mulembe nambala yake yeniyeni, osati "matumba ambirimbiri".

Zithunzi zoyambirira musazifufute m'foni, ndipo sungani zina pa memory card kapena pa imelo. WhatsApp imachepetsa chithunzi ndi kuchotsa zizindikiro za tsiku ndi malo mukachitumiza mwa njira yanthawi zonse, ndiye wina akadzanena kuti chithunzicho n'chakale kapena n'cha kwina, chokuombolani ndi choyambirira chija.

Kenako funsani amene anasankha ntchitoyo. Chitukuko cha m'dera chimadutsa ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ndi ku ADC, ya kwa mfumu yaikulu, ndipo makomiti amenewa amakhala ndi buku la zokambirana. Pemphani mlembi wa ADC akuonetseni tsamba limene mlathowo unavomerezedwa. Pamakhalanso komiti yoyang'anira ntchito pamalopo. Wapampando wake nthawi zambiri amadziwa katundu amene anasainira kuti walandira. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amathamangira kulemba kuti "phungu wadya ndalama za mlatho" chifukwa ndi dzina lokhalo limene akulidziwa. Ndalama za CDF zimadutsa ku khonsolo. Amene amayankhapo pa ndalama za khonsolo ndi DC, wolipira ndi ofesi ya zachuma, ndipo wotsimikiza kuti ntchito yafika pakuti ndi ofesi ya zomangamanga. Phungu akhoza kukhala ndi mbali yake, koma muyenera kuipeza pa pepala.

Mapepalawo muli ndi ufulu wowapempha. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limafuna kuti ofesi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu wolandira mapempho otere. Lembani kalata yaifupi kwa DC, mutchule lamulolo, ndipo mupemphe zinthu zodziwika ndi mayina ake: mgwirizano wa pakati pa khonsolo ndi kontilakitala, mndandanda wa zipangizo ndi mitengo umene amautchula kuti BOQ, mavocha onse amene analipirira, ndi masetifiketi otsimikiza gawo lililonse la ntchito. Mukangolemba kuti "ndikufuna kudziwa za mlatho", mudzayankhidwa pakamwa kuti ntchito ili mkati, n'kuthera pomwepo. Konzani makalata awiri ofanana, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsikulo mubwerere nayo. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito. Akapanda kuyankha, mumayamba mwapempha ofesi yomweyo kuti iunikenso pempho lanu, ndipo zikakanika dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission, amene amayang'anira lamuloli. Kalata yodindidwa ija, ndi masiku amene adutsa osayankhidwa, ndi nkhani yoti mungalembe popanda wina wokutsutsani.

Mapepala akabwera, chinthu choyang'ana ndi chimodzi: kodi zimene zinalipiridwa zikufanana ndi zimene zili pansi? Kontilakitala amalipidwa m'magawo. Ngati vocha ikusonyeza kuti analandira ndalama za pamwamba pa mlatho pamene pali maziko okha, ndiye kuti wina anasaina setifiketi ya ntchito imene sinagwiridwe, ndipo dzina lake lili pa pepalapo. Imeneyo ndi nkhani ya bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, ya Ombudsman, ya wailesi. Koma konzekeraninso kupeza zina. Mwina khonsolo sinalandire ndalama zonse kuchokera kulikulu. Mwina mitengo inathawa: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa simenti ndi zitsulo umene unalembedwa kale sunathenso kukwanira. Ikakhala choncho nkhani ilipobe, chifukwa ana sakuwoloka, koma si nkhani ya kuba. Wolemba amene anayamba ndi mawu oti "mbava" asanaone vocha amathera kupepesa kapena kukhoti.

Polemba, siyanitsani zinthu zinayi, ndipo wowerenga aziona kusiyanako m'mawu anu. Choyamba ndi chimene mwaona ndi maso: "Lachiwiri pa 4 ndinapeza zipilala ziwiri, pamwamba palibe kanthu." Chachiwiri ndi chimene chili pa pepala: "Chikwangwani chikuti ntchito imayenera kutha mu June chaka chatha." Chachitatu ndi chimene wina wanena, ndipo mumutchule udindo wake ngati walola: "Wapampando wa komiti akuti amisiri anachoka atadandaula za malipiro." Chachinayi ndi maganizo anu: "Ine ndikuona kuti khonsolo iyenera kufotokozera anthu." Mawu oti "akuti", "zamveka kuti" ndi "mphekesera zikuti" sateteza munthu. Mukafalitsa bodza loipitsa mbiri ya wina, kukhoti mudzayankha inu amene mwalifalitsa, ngakhale munalimva kwa wina. Chimodzimodzi kungotumiza uthenga wa wina m'magulu a WhatsApp.

Aliyense amene mwamutchula mumpatse mpata woyankha musanatulutse nkhani. Mutumizireni mafunso olembedwa, atatu kapena anayi, omveka bwino, ndi kumuuza tsiku limene mutulutse. Masiku awiri ndi okwanira pa nkhani yosathamanga ngati iyi. Sungani uthengawo. Akayankha, ikani yankho lake monga walinenera, ngakhale likukutsutsani. Akapanda kuyankha, lembani kuti munamufunsa tsiku lakuti ndipo sanayankhe. Ambiri amaopa kuti akafunsa ndiye kuti amuchenjeza. Zoona, adziwa msanga, koma nthawi zambiri mpamene mumatulukira kuti munasokoneza makontilakitala awiri a mayina ofanana, kapena kuti ntchitoyo si ya CDF ayi, ndi ya thumba lina.

Mukadzayamba kudziwika, anthu adzayamba kukutumizirani zinthu: kalata ya mutu wa boma, mawu ojambulidwa a munthu wamkulu, chithunzi cha chipwirikiti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalata iyang'aneni tsiku lake, nambala yake, saini, ndiponso ngati wosainayo analidi pa udindowo tsiku limenelo, kenako imbirani ofesiyo. Chithunzi chiyikeni pa Google Lens muone ngati sichinatulukepo kale ku Kenya kapena ku Nigeria zaka zapitazo. Mawu ojambulidwa ndiwo oopsa koposa, chifukwa masiku ano makina amatha kutsanzira mawu a munthu, ndipo ngakhale enieni amadulidwa pakati. Dzifunseninso chifukwa chimene wakutumiziraniyo wasankhira inu osati nyuzipepala. Kawirikawiri nyuzipepala inakana.

Tsopano za kumangidwa. Sindikubisirani: anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa intaneti, ndipo kale zinafika poipa kuposa apo. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene ankafalitsa kapepala kodzudzula boma, anapezeka atafa pa sukulupo pa 24 September 2011. Apolisi anati wadzipha, koma komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Mu April 2022 apolisi anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma.

Malamulo ena asintha mokomera wolemba. Mu November 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu ya kulankhula zoukira boma ndi wonyoza pulezidenti. Mu July 2025 khoti lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi malamulo aakulu. Koma musamve ngati njira yayera. Munthu amene mwamuipitsira mbiri akhoza kukusumiranibe payekha n'kufuna chipukuta misozi, ndipo chodzitetezera chanu chachikulu ndi kusonyeza kuti zimene munalemba n'zoona. Palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, limene apolisi aligwiritsa ntchito kwambiri pa anthu olemba pa Facebook ndi WhatsApp. Gawo 87 likunena za mauthenga osautsa kapena osokoneza mtendere wa wina, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi miyezi 12 kundende. Mawu a gawoli ndi otambalala, n'chifukwa chake kutukwana, kutchula za thupi la munthu, za mkazi wake kapena za mtundu wake kumakulowetsani m'mavuto pachabe pamene mlatho sizikuupititsa patsogolo. Lembani za ntchito ya munthu ndi ndalama za anthu. Ana musawaonetse nkhope popanda chilolezo cha makolo, ndipo mwana amene wakhudzidwa ndi mlandu musamutchule n'komwe.

Zikachitika kuti apolisi akuitanani, uzani wachibale ndi mnzanu mmodzi kumene mukupita, ndipo musapite nokha. Muli ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu likuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Sungani pa pepala, osati m'foni mokha, manambala a Legal Aid Bureau, amene amathandiza osowa loya, ndi a bungwe loteteza atolankhani la MISA Malawi.

Ena amati njira yake n'kubisa dzina. Dzina lobisa limateteza pang'ono kwa anthu a m'mudzi, koma kumbukirani kuti kuyambira 2018 nambala iliyonse ya Airtel ndi TNM inalembetsedwa pa chiphaso, ndipo amene amaulula munthu nthawi zambiri ndi mnzake wa m'gulu lomwelo amene wajambula uthenga n'kuutumiza kwina. Komanso mtolankhani savomera kutenga nkhani kwa munthu amene sakumudziwa. Pa nkhani ya mlatho, dzina lanu lenileni ndi umboni wolimba zikutetezani kuposa dzina lopeka. Nkhani ikakhala yoopsa kwenikweni, yokhudza mfuti kapena ndalama zankhaninkhani, musaitulutse nokha. Iperekeni kwa atolankhani ofufuza amene ali ndi maloya.

Amene ayenera kubisidwa ndi wokupatsani nkhani. Kalaliki wa pa khonsolo akakupatsani vocha, musaike chithunzi chake monga chabwerera. Chala chake chikhoza kuoneka m'mphepete, tebulo lake likhoza kudziwika, ndipo mwina pepalalo linafika kwa anthu atatu okha. Koperani manambala ofunika, choyambiriracho musunge. Musasunge nambala yake ndi dzina lake lenileni. Foni ikhale ndi nambala yotsekera ya manambala asanu ndi imodzi, WhatsApp muyiikire chitetezo chachiwiri cha PIN, ndipo mauthenga a pakati pa inu ndi iye akhale ofufutika okha. Iye akachotsedwa ntchito chifukwa cha kusasamala kwanu, palibenso amene adzakuuzeni kanthu m'boma lonselo.

Chiyeso chachikulu sichidzabwera ndi apolisi. Chidzabwera ndi munthu womwetulira. Nkhani yanu ikangomveka, amene akufuna mpando wa phunguyo adzakuimbirani kuti mukugwira ntchito yabwino, n'kukutumizirani ya bandulo. Mwezi wotsatira foni yatsopano. Atolankhani amachitchula kuti chipondamthengo, ndipo chawononga mayina ambiri. Mukalandira, simudzathanso kulemba za mjigo umene iyeyo analonjeza n'kusaukumba, ndipo anthu a m'dera sachedwa kuzindikira amene ali pa ganyu. Kukonda chipani si mlandu. Ngati muli membala nenani poyera, owerenga adziwe poimira panu. Koma kukhala wofufuza ndi wolipidwa wa chipani nthawi imodzi, mapanga awiri avumbwitsa. Ya bandulo ndi ya kabaza ikavuta, ndi bwino anthu khumi a m'deralo asonkhe pang'onopang'ono, mulembe m'kope amene wapereka ndi mmene mwagwiritsira ntchito.

Mudzalakwitsa, aliyense amalakwitsa. Musafufute mwakachetechete, chifukwa wina anajambula kale. Konzani pamalo omwewo, mulembe pamwamba kuti munalemba K18 miliyoni pamene chikwangwani chikuti K13 miliyoni, ndipo tumizani kukonzako m'magulu onse amene nkhani yoyamba inafika. Yang'aniraninso zimene anthu akuyankha pansi pa nkhani yanu. Wina akayamba kutchula munthu kuti ndi mfiti kapena kuuza anzake kuti akaotche nyumba yake, chotsani msanga.

Kalembedwe kake kakhale kafupi, m'Chichewa chomveka, mawu osapitirira 200, chithunzi chimodzi kapena ziwiri, chifukwa ambiri amawerenga pa bandulo ya WhatsApp yokha. Chiganizo choyamba chinene malo, chinthu ndi nthawi. Chomaliza chinene amene ayenera kuyankha ndi funso limene ayankhe. Konzaninso uthenga wa mawu wa mphindi imodzi wa amene sawerenga. Ndipo khalani pa nkhani imodzi kufikira itatha. Wolemba amene lero ali pa mlatho, mawa pa mpira, mkuja pa ukwati wa nduna, akuluakulu amangomudikira kuti atope.

Mukatulutsa, sindikizani masamba atatu kapena anayi: zithunzi za miyezi ija, kalata yodindidwa, ndi tsamba la m'buku la ADC. Perekani kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu, kwa khansala, kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ana akujombayo, ndi ku wailesi ya m'dera lanu. Mphunzitsi wamkulu mumupemphe chiwerengero cha ana amene sanabwere masiku amene mtsinje unadzaza, chili m'kaundula wa kalasi iliyonse. Funsani tsiku la msonkhano wotsatira wa ADC, mupite ndi makolo a ana a kutsidya, mupemphe kuti yankho la khonsolo lilembedwe m'buku pamodzi ndi tsiku limene alonjeza kuyambiranso ntchito. Tsikulo likakwana, bwererani pa mtengo wamango uja mukajambule chithunzi chachisanu.